Ana a Malemu Alonda

Alonda a pa esiteti ina ya fodya kumapiri a ku Ntchisi anamwalira mvula ili pakati, ndipo anthu anawaika mwaulemu, amayi a mvano akuimba mpaka kumanda. Chimene chinakana kuwaika chinali kompyuta yanga. Ndikuti yanga chifukwa ikavuta aliyense amaitcha choncho. Ikamayenda bwino imakhala ya bwana.

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina laling'ono pa Dowa Boma. Dzina lake silikufunika, mabungwe otere ndi ambiri ndipo ngakhale galimoto zawo zimafanana. Ife timayendetsa sikelo ya ana m'maesiteti a fodya, kuyambira cha ku Nachisaka mpaka kukwera mapiri kulowa Ntchisi. Alangizi athu a zaumoyo amapita ndi matabuleti kukayeza ana a matenanti, ndipo mwana akapezeka wonyentchera amamulemba kuti azilandira chiponde. Zimene alemba zimabwera pa intaneti n'kulowa m'nkhokwe imodzi ya mayina, imene pa ntchito timaitcha detabesi. Wosamalira nkhokweyo ndine. Bambo anga, amene anaphunzitsa pa sukulu ya mishoni mpaka kupuma, amauza anzawo ku tchalitchi kuti mwana wawo wamkazi ndi injiniya. Sindiwatsutsa, koma theka la ntchito yanga ndi kuuza anthu kuti azimitse kenako ayatsenso.

Pulogalamuyo sindinapange ndine. Anapanga mkulu wina wa ku Lilongwe, munthu wa nsapato zoyera amene fodya amangomuonera pa windo la galimoto. Atafunsa kuti anthu a pa esiteti amadziwika bwanji, eni maesiteti anamupatsa manambala a matenanti, poti tenanti aliyense ali ndi nambala yake. Mkuluyo anamanga zonse pa manambalawo. Mbali imodzi ya nkhokwe anaika matenanti, mbali ina anaika ana, ndipo mwana aliyense anamumangirira ku nambala ya bambo ake. Chomangiracho amachitcha forini kii, ine ndimangoti chingwe. Lamulo lake ndi losavuta: mwana sangalowe ngati palibe bambo woti amangidweko, ndipo bambo sangafufutidwe ana ake akadali momwemo. Lamuloli pa lokha si loipa, limateteza kuti mayina asamangoyandama. Choipa n'choti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Aliyense amene anakulira ku Dowa amadziwa kuti ukafuna mwana umafunsa amayi ake kapena amalume ake, bambo akhoza kukhala kulikonse. Ndinanenapo izi nditangoyamba ntchito, ndipo anandiyankha kuti tidzaziona m'gawo lachiwiri la polojekiti.

Tsiku lina m'mawa kalaliki wa pa esiteti ija anandiimbira foni.

"Madamu, chinthu chanuchi chafa."

"Chafa bwanji, achimwene?"

"Ndikufuna kuchotsamo alonda athu anatisiya aja, koma chikungotulutsa zofiira."

Poyamba ndinanamizira netiweki. Kumapiri kuja netiweki imapezeka pa chulu cha kuseri kwa chigafa basi, ndiye ndinamuuza kuti akwere pa chulupo ayesenso. Anakwera, anayesa, zofiira zomwezo. Ndinayesa ndekha pa laputopu yanga mu ofesi, ndipo uthenga wofiira wa Chingerezi unatuluka, wonena kuti munthuyu sangafufutidwe chifukwa pali ana omangidwa kwa iye.

Ndinati pulogalamu yasokonezeka, chifukwa alondawo ndinkawadziwa. Anachokera ku Mulanje ali anyamata kudzakhala tenanti, mkazi anawasiya kalekale, ndipo mphamvu zitatha anawapatsa ntchito yolondera zigafa. Nambala yawo ya utenanti inatsalira, ndipo inali yoyamba pa esiteti yonse. Ndikafika pa geti ankandilonjera kuti "mwana wanga," monga ankachitira ndi aliyense, koma mwana wawo weniweni analibe ngakhale mmodzi. Aliyense ankadziwa zimenezo.

Ndinaona ngati kalaliki anadina nambala yolakwika, koma inali yomweyo. Ndinatsegula pamene pulogalamu imalemba madandaulo ake, ndikuganiza kuti mwina chingwe chikuloza kolakwika. Chinkaloza kolondola. Nditasowa pogwira ndinasiya kukayikira makina, n'kuifunsa nkhokweyo mwachindunji kuti indionetse ana onse omangidwa ku nambala imeneyi.

Mayina anadzaza laputopu yonse, ndipo nditatsitsa anapitirirabe. Anali ochuluka kuposa kalasi ya sitandade wani. Munali mayina a Chichewa, a Chilomwe, a Chiyao, a Chitumbuka, ena obadwa mwezi umodzi. Ndinaseka mpaka dalaivala anasuzumira pakhomo kufunsa ngati ndili bwino. Madala osauka aja, amene ankagona pa thumba m'kanyumba ka pa geti, mu kompyuta anali atabereka mudzi wathunthu. Kuseka kunatha nditayang'ana mbali yosonyeza amene akulandira chiponde. Ambiri a iwo anali pomwepo.

Mawa lake ndinakwera njinga yamoto ya ofesi. Msewu wa kumeneko nthawi ya mvula ndi phala lokhalokha, ndipo ndinafika chitenje chili chofiira mpaka m'chiuno. Alangizi a pa esitetiyo, mayi wamkulu kwa ine, ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akupukuta sikelo.

"Amayi, alonda aja anabereka liti ana onsewa?"

Sanaseke. "Nanga tikanatani, madamu? Mwana ali apa, tepi ya pamkono yafika pofiira, ndikalemba chinthucho chikukana chifukwa alibe bambo. Bambo anathawa, kapena anamwalira, kapena mwana akukhala ndi agogo ake amene angobwera kudzachita ganyu. Ndimubweze? Ndiye ndimangodina dzina limene lili pamwamba penipeni. Ndi la alonda."

"Eni akewo ankadziwa?"

"Tinawauza. Anati tiziwonjezera, mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Nanga ine bwanji simunandiuze?"

"Tinanena pa msonkhano uja ku Boma, inu munali ku maliro. Anati gawo lachiwiri."

Ndinali nditabwera ndi mkwiyo woti ndiwakalipire chifukwa chodetsa nkhokwe yanga, koma mkwiyowo unasowa poima. Anandiuza kuti alangizi anzawo onse a pa esitetiyo amachita chimodzimodzi, ndipo watsopano akabwera amamuphunzitsa tsiku loyamba lomwe: wopanda bambo, mupatse alonda.

Kenako anandiperekeza ku kanyumba ka kumapeto kwa komboni kuti ndikaone mmodzi wa anawo. Amayi ake anali mtsikana ndithu, atakhala pakhonde akusoka fodya wa eni. Mwamuna wawo anali tenanti, anakangana ndi kapitawo n'kuchoka osatsanzika, ndipo nambala yake inafufutidwa mwanayo asanalembedwe. Mwanayo anali wamkazi, wa msinkhu woti akanakhala akuthamanga, koma ankangokhala pamene amuika. Tsitsi linali lofiirira, lopyapyala. Ndinamunyamula, ndipo kupepuka kwake kunandiopsa. M'dzanja anali atafumbata kapaketi ka chiponde, akuyamwa pa ngodya, ndipo sanakataye ngakhale nditamukweza.

"Wayamba kusintha," anatero amayi ake. "Poyamba ngakhale kulira sankatha."

Ndinawafunsa ngati kapitawo akuwalola kukhalabe m'nyumbamo.

"Akufuna nyumbayi, akuti ndi ya matenanti. Ine ndikungopirira kuti uyu achire. Chondikhalitsa kuno palibe, koma chipondecho."

"Akachira mudzapita kuti?"

"Kumene kuli ganyu."

Ndinabwerera ku Boma ndikudziwa chochita, ndipo sichinali chovuta. Tinkafunika kutsegula malo m'nkhokwe olembapo amayi kapena aliyense wolera mwana, kenako kusamutsa anawo mmodzimmodzi, alangizi akutiuza kuti uyu ndi wa ndani. Ana akatha kusamuka, alonda akanachoka okha popanda chofiira. Inali ntchito ya masabata angapo, osati chifukwa cha kompyuta, koma chifukwa cha misewu.

Bwana wathu ndi munthu waulemu, mkulu wa mpingo, sayamba msonkhano popanda pemphero. Nditawafotokozera, nkhope yawo inagwa, ndipo ndinaganiza kuti akumvera chisoni anawo. Ndinalakwitsa.

"Mayi, mukudziwa kuti sabata ya mawa kukubwera alendo? Amene amatipatsa thandizo aja. Akatsegula n'kuona munthu mmodzi, wakufanso, ali ndi ana onsewo, adzati chiyani? Adzati tikupeka ana kuti tizidya chiponde."

"Tiwauze zoona, bwana. Si nkhani yochititsa manyazi."

"Zoona zimafuna nthawi yozifotokoza, ndipo alendo sakhalitsa."

Anaimbira mkulu wa ku Lilongwe uja n'kuika foni patebulo kuti tonse timve. Iye anali akudya kanthu, ndinkamva kutafuna.

"Aaa, zazing'ono izo, bwana. Tingoika kasikedi, munthuyo achoka lero lomwe."

Bwana anandiyang'ana ngati apeza mankhwala. Ndinawauza chimene kasikedi imachita. Ndi lamulo louza nkhokwe kuti ukafufuta bambo, fufutanso onse omangidwa kwa iye. Zili ngati kuzula mtedza: ukakoka tsinde, mtedza wonse umatuluka nalo limodzi.

"Alonda akachoka motero, apita ndi ana onse," ndinatero.

"Koma asisi," anatero wa pa foniyo, "ana amenewo ndi data yolakwika."

"Wolakwika ndi bamboyo. Anawo ndi enieni, mmodzi ndamunyamula dzulo."

"Ndiye adzawalembanso bwinobwino."

"Adzawalemba kwa bambo uti?"

Ndinawachonderera bwana kuti ngati sitingathe kukonza alendo asanabwere, tingowasiya alondawo momwemo. Wakufa sadya chiponde, salanda malo a munthu, akhoza kudikira. Bwana anagwedeza mutu mofatsa n'kunena kuti ndisamatenge zinthu ndi mtima, tiganizira.

Lachisanu ananditumiza ku Dzaleka, ati purintala ya ofesi ya anzathu kumeneko yavuta. Ndinapeza kuti pepala linangokodwa, ntchito yoti aliyense wokhala ndi zala akanaichita. Ndinagula chapati pa msika n'kubwerera osaganiza kanthu. Lolemba m'mawa ndinapeza bwana atafika kale, akumwetulira pa khomo la ofesi yanga.

"Zatheka, mayi. Zofiira zija zatha. Mnzanu uja anangozichita pa foni."

Ndinatsegula laputopu chikwama chikadali paphewa. Ndinafunsa nkhokwe funso lomwe lija, kuti indionetse ana a nambala yoyamba. Inayankha msangamsanga kuti palibe. Alonda panalibe, ana panalibe, miyezo yawo ya miyezi yonse ija panalibe. Zonse zinali zoyera bwino. Chimene chinandinyansa kwambiri sichinali kufufutako, koma kumwetulirako. Uthenga wofiira uja unali chinthu chokhacho mu ofesi yathu chimene chinkakana kuti ana atayidwe, ndipo anthu awiri ophunzira anakhala pansi n'kugwirizana zochitseka pakamwa.

Lolemba lomwelo linali tsiku la sikelo pa esiteti ija. Dzuwa lisanakwere kwenikweni alangizi aja anaimba, ali pa chulu, mphepo ikuwomba mu foni.

"Madamu, ana a alonda sakupezeka. Amayi adzaza pano."

"Alembeninso, mwa njira iliyonse."

"Dzina la alonda lachoka. Komanso bwana anatumiza uthenga Lachisanu, akuti amene apatse mwana bambo wabodza ntchito yatha."

"Ndiye apatseni chiponde, kulemba tidzaona."

Anapereka foni kwa mkulu wosunga katundu, amene amayenda ndi makatoni pa galimoto. Iye anakana. Anati lamulo ndi loti paketi iliyonse ituluke pa dzina limene lili mu tabuleti, ndipo amene analipo iye asanabwere anachotsedwa ntchito chifukwa cha zomwezo. Ndinamukalipira mpaka mawu anasasa. Anandisiya ndimalize, kenako anati, "Madamu, inenso ndili ndi ana." Ndinamuda tsiku limenelo, ngakhale ndikudziwa kuti si iye anayamba. Makatoni anabwerera ku Boma osatsegulidwa, atayenda mapiri onsewo kupita ndi kubwera.

Ndinalowa mu ofesi ya bwana osagogoda. Ndinawapeza akusankha nsalu ya patebulo la alendo. Ndinawauza kuti ana abwezedwa, ndipo ndikufuna chilolezo chotulutsa chiponde komanso mawu achinsinsi a seva, kompyuta yaikulu yosunga nkhokweyo, kuti ndibwezeretse bakapu. Bakapu ndi nkhokwe yonse monga inalili masiku am'mbuyo, imene imasungidwa padera kuti zikavuta ubwerereko. Mawu achinsinsiwo anali ndi wa ku Lilongwe yekha, poti ankati ife a kuno tikhoza kuononga zinthu.

"Mukabwezeretsa, alonda aja abweranso?" anafunsa bwana.

"Abweranso, ndi ana awo."

"Ndiye tidikire alendo adutse. Masiku ochepa okha, mayi. Anawo si kuti afa lero."

Ndinaimbira wa ku Lilongwe ndekha. Foni inkangolira. Madzulo anatumiza uthenga woti ali ku wekishopu.

Alendo anabwera. Anali anthu abwino, anavala zitenje zimene tinawapatsa, anadya mpunga ndi nkhuku. Bwana anaonetsa nkhokwe yathu pa khoma, ndipo mmodzi wa alendowo anayamikira kuti pa esiteti ija ana onyentchera achepa kwambiri. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali nditaikidwa pakona kuti ndizidina mabatani, ndipo bwana anali atandiuza kale kuti mafunso onse ayankha okha. Ndinayang'ana manja akuombawo, ndipo nkhuku ya tsiku limenelo sindinaidye.

Galimoto za alendo zitangokhota, mawu achinsinsi anafika pa foni yanga ngati ankadikira pa geti. Ndinabwezeretsa bakapu, ndinachotsa kasikedi ija, ndipo alonda anabwerera pamwamba pa mayina ndi ana awo onse pambuyo. Ntchito yonseyo inatha tiyi wanga asanazizire. Bwana anasaina kuti nditenge katoni, n'kundithokoza chifukwa cha kudzipereka.

Ndinamangirira katoniyo pa njinga yamoto n'kukwera mapiri. Ine ndi alangizi tinayenda khomo ndi khomo m'komboni. Ana ambiri tinawapeza, ena atabwerera m'mbuyo pang'ono, koma alipo. Amayi awo sanafunse chimene chinachitika, anangolandira ndi manja awiri, ndipo zimenezonso zinandipweteka.

Pa kanyumba ka kumapeto tinapeza banja lina likusesa. Anali matenanti atsopano, mphasa zawo zikadali zomanga. Mayi woyandikana nawo ndiye anatiuza.

"Anachoka mawa lake la sikelo lija. Anati poti mwana afufutidwa, palibenso chodikira. Kapitawo naye anali atabweranso."

"Analowera kuti?"

"Anakwera chakumtundaku, mwana kumsana. Ena akuti ku Ntchisi, ena akuti anafunsa njira ya ku Mponela."

"Foni ali nayo?"

Nditangofunsa ndinachita manyazi ndi funso langalo. Alangizi anafunsa anzawo a maesiteti ena, ine ndinafunsa ku zipatala zimene ndimadziwako anthu. Ndinkafufuza dzina la mwanayo m'nkhokwe yonse, kuti mwina wina wamulemba kwina pa bambo wina wobwereka. Silinatuluke kwina kulikonse, koma kwa alonda basi. Sindikudziwa ngati anachira, ndipo sindikufuna kunama kuti ndikudziwa.

Gawo lachiwiri la polojekiti linabwera ndithu, ndipo mu lipoti analemba kuti bungwe lathu lazindikira kufunika kolemba ana kudzera kwa amayi awo. Wa ku Lilongwe anabwera ndi nsapato zake zoyera kudzatiphunzitsa zimenezo. Tinatsegula malo a amayi ndi olera, ndipo iye anaika lamulo loti mwana asamutsidwe pokhapokha wolerayo atabwera yekha pamaso pa alangizi. Amayi anabwera, agogo anabwera, amalume ena anabwera, ndipo ana a alonda anatha mmodzimmodzi.

Anatsala mmodzi, mwana wa kanyumba ka kumapeto uja. Amayi ake sanabwere, ndiye akadali womangidwa ku nambala yoyamba, ndi miyezo yake imene inali itayamba kukwera. Tsiku lililonse la sikelo pulogalamu imatulutsa dzina lake pakati pa ana amene sanafike. Bwana anandifunsapo ngati sitingangomuchotsa poti akuononga maonekedwe a lipoti. Ndinawauza kuti tsiku limenelo adzafune injiniya wina, ndipo sanabwerezenso.

Makalaliki pa esiteti ija sakhalitsa. Watsopano aliyense akafika amafuna kusesa mayina akale, amapeza munthu amene anamwalira kale ali pamwamba penipeni, amadina, ndipo zofiira zimatuluka. Kenako amakwera pa chulu n'kundiimbira. Wa chaka chino anaimba mwezi wathawu.

"Madamu, pali madala ena apa akuti anamwalira, koma chinthuchi chikukana kuwachotsa."

"Asiyeni," ndinamuuza. "Ali ndi mwana."